Galimoto ya liwiro ya sekondi handi yokhala ndi waranti ya kampani: ndalama yowonjezerayo imagula chiyani?

WakuRandburg: Akuluakulu, moni nonse. Funso langa ndi la magalimoto a liwiro a sekondi handi amene madila amagulitsa atawayendera n'kuikapo waranti, aja amalembapo kuti Approved kapena Certified. Mtengo wake umakhala pamwamba ndithu poyerekeza ndi galimoto yomweyo ya chaka chomwecho kwa munthu wamba. Amene ali m'maganizo ndi Toyota 86, Golf R, BMW M2 ndi Porsche Cayman. Ndalama yowonjezerayo imagula chiyani kwenikweni? Ndipo galimoto ikadzapita kumudzi pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, waranti imapita nayo?

Sipanala17: Achimwene, tiyambe ndi kulekanitsa mapepala atatu amene ogulitsa kuno ku South Africa amakonda kuwatchula ngati chinthu chimodzi. Loyamba ndi service plan. Imeneyi imalipira sevisi ya nthawi zoikika basi: oyilo, mafyuluta, mapulagi ndi ntchito ya makaniko. Lachiwiri ndi maintenance plan, monga Motorplan ya BMW imene pa galimoto yatsopano imakhala ya zaka 5 kapena makilomita 100,000. Iyi imawonjezera zinthu zotha ndi kuyenda, monga mapadi ndi madisiki a mabuleki, koma matayala ayi. Lachitatu ndiye waranti, ndipo ntchito yake ndi kulipira chipangizo chimene chafa chifukwa chinapangidwa molakwika kapena chafa nthawi yake isanakwane.

Tsono waranti payokha sikugulirani matayala, mapadi, madisiki, klatchi imene yangotha, kapena batire yokalamba. Pa galimoto ya liwiro zimenezi ndi zimene zimadya ndalama chaka ndi chaka. Chimene waranti imakutchingirani ndi tsoka lalikulu limene silioneka pogula: injini kugogoda, giya bokosi kufa, turbo kuphulika, kompyuta ya injini kupsa. Tsoka lotere pa Cayman kapena M2 likhoza kufuna ndalama yoti mungagulire galimoto ina yaing'ono. Ndiye musamadzifunse kuti waranti idzandipulumutsira zingati pa mwezi, chifukwa yankho lake ndi lakuti palibe. Dzifunseni kuti injini itafa mawa ndingathe kulipira ndekha?

MayiWaMapepala: Ndiwonjezere pa zimene anena a Sipanala. Pali waranti ya kampani yopanga galimoto, ndipo pali ina imene dila wamba amakugulitsani pa tebulo la ngongole. Yachiwiriyi nthawi zambiri ndi inshuwalansi ya kuwonongeka kwa zipangizo, ngakhale pachikuto alembapo kuti waranti. Mukaitsegula mupeza mndandanda: injini mpaka ndalama zakuti, giya bokosi mpaka zakuti, turbo mpaka zakuti, ndipo malirewo amatsika galimoto ikamakalamba kapena makilomita akamachuluka. Malire amenewo anawerengera magalimoto wamba. Pa giya bokosi ya PDK ya Porsche kapena DCT ya BMW akhoza kukwana gawo lochepa chabe la bilu, zotsalazo ndi zanu.

Musanasaine, pemphani chikalata chonse cha warantiyo, osati kapepala kotsatsa kaja, mukawerengere kunyumba. Yang'anani zinthu izi: amene akulonjeza kulipira ndi ndani, kodi pali malire pa chipangizo chilichonse, kodi amalipira ntchito ya makaniko pa mtengo wa dila kapena pa mtengo wawo wotsika, kodi pali masiku odikira isanayambe kugwira ntchito, ndiponso kodi chipangizo chimene sichili pa waranti chikaononga chimene chili pa waranti amalipira. Chomalizachi n'chimene chimagwetsa ambiri. Paipi ya madzi ya labala ikaphulika injini n'kutentha mpaka kupindika mutu, ena amakuuzani kuti gwero la vuto ndi paipi, paipiyo siili pa mndandanda, choncho injininso salipira.

KuLeeds: Kuno ku Britain manambala ake ali chonchi. Porsche Approved amayendera galimoto pa mfundo 111, waranti imakhala ya zaka 2, ndipo mukhoza kumaiwonjezera mpaka galimoto itakwanitsa zaka 15. BMW Approved Used amapereka miyezi 12 popanda malire a mtunda. Toyota ali ndi njira ina: mukachititsa sevisi kwa dila wawo amawonjezera chaka chimodzi cha waranti, mpaka galimoto ifike zaka 10 kapena mamailosi 100,000. Ndiye pa GT86 (dzina la Toyota 86 kuno) kapena GR86 imene inalowa m'malo mwake, chizindikiro cha Approved sichilemera kwambiri, poti ngakhale yogula kwa munthu wamba imalowa m'dongosolo limeneli ikangopita ku sevisi ya dila. Dziko lililonse lili ndi mfundo zake, musatenge za kuno n'kukatsutsana nazo dila wa ku Sandton.

Chikutumbwe_GT: Ine ndikuona ngati mukuikometsera nkhaniyi. Mfundo 111 zimamveka zambiri koma werengani pepalalo. Hutala ikulira? Nyali zikuyaka? Mawaipa akupukuta? Malamba a mipando akugwira? Zambiri ndi zimene aliyense angaone ataima pa bwalo la dila mphindi 20. Palibe amene amatsegula injini. Komanso amene akuyendera ndi amene akugulitsa, ndiye mukuyembekeza kuti adzilembere okha mlandu? Ndalama yowonjezerayo ndi bwino kuisunga ku banki, mugule galimoto kwa mwini wake amene ali ndi mabuku onse a sevisi, mulipire makaniko wodziwa mtundu umenewo aiyendere tsiku lathunthu.

Sipanala17: A Chikutumbwe, theka la zimene mwanena ndi zoona. Pepala la mfundo lija si umboni woti injini ili bwino. Koma pali chinthu chimodzi chimene mwachisiya: kampani ikaika waranti yake pa galimoto, ikafa imalipira ndi iyo. Ndiye ili ndi chifukwa chokanira galimoto zokayikitsa, ndipo ili ndi zida zoonera zimene makaniko wamba alibe.

Chitsanzo ndi Porsche. Kompyuta ya injini imasunga mbiri ya nthawi zonse zimene injini inazungulira mopitirira malire. Kuyambira pa 997 (mtundu wa 911) ndi 987 (Boxster ndi Cayman yoyamba) mbiriyi ili m'magawo 6. Gawo 1 ndi 2 ndi la munthu amene anangoponda mpaka pa malire ofiira, zimenezo sizidetsa nkhawa kwenikweni. Gawo 4, 5 ndi 6 limabwera pa giya ya manja munthu akalakwitsa, mwachitsanzo kufuna kulowa 4 kuchokera pa 5 koma n'kulowetsa 2 ali pa liwiro. Pamenepo matayala ndi amene amakoka injini, ndipo kompyuta singathe kuiletsa. Mavavu akhoza kukhudza mapisitoni, mabawuti a makonirodi akhoza kutamuka, galimoto n'kumayendabe bwinobwino miyezi ingapo isanafe. Lipotilo limaonetsa kuchuluka kwake ndi ola la injini limene zinachitika komaliza. Ngati injini yagwira maola 1,500 ndipo gawo 4 linachitika pa ola 300, yayenda nthawi yaitali osafa, mantha amachepa. Ngati linachitika pa ola 1,480, funsani chifukwa chake mwini wake akuigulitsa pano. Dila amaona lipotili asanavomere waranti. Inu pemphani kope lake losindikiza.

Kwa VW ndi Audi, galimoto ikalumikizidwa ku kompyuta ya dila ndipo ikapezeka kuti pulogalamu ya injini inasinthidwa, imalembedwa chizindikiro cha TD1 m'kaundula wa kampani. Chikalowa n'chovuta kuchichotsa, ngakhale mutabwezeretsa pulogalamu yoyamba, ndipo madandaulo a injini ndi giya bokosi amakanidwa. Golf R zambiri za ku Gauteng zinapitapo kwa anyamata owonjezera mphamvu. Mwini wake asanagulitse amabwezeretsa zonse, kunja osaoneka kanthu. Kwa munthu wamba simungadziwe pokhapokha mutapita nayo kwa dila ndi nambala ya chasisi. Apa ndi pamene chizindikiro cha Approved chili ndi phindu lenileni.

Chikutumbwe_GT: Chabwino, koma mwaona kuti mpeni womwewo umacheka mbali ziwiri? Mukagula ya waranti ndiye kuti zaka zonsezo simukhudza kanthu. Paipi ya utsi ayi, pulogalamu ayi, kutsitsa masipuling'i ayi. Ku Porsche ngakhale matayala amafuna aja a chizindikiro cha N pambali. Mukapita ku bwalo la mpikisano la Zwartkops kapena Kyalami kukathamanga pa tsiku lotsegulira anthu wamba, werengani bwino, chifukwa mapepala ambiri amakana chilichonse chochitika pa mpikisano kapena poyeza nthawi, ndipo inshuwalansi ya pamsewu nayonso siifika kumeneko. Nkhani ya Nissan GT-R zoyamba za 2008 ndi 2009 ndi yodziwika: njira yonyamukira mwamphamvu inkafuna kuzimitsa VDC (kompyuta yoletsa galimoto kuterereka), galimoto inkasunga mbiri yake, ndipo ena amene giya bokosi inawafera anakanidwa waranti pa chifukwa chimenecho. Munthu amagula galimoto ya liwiro kuti aziithamangitsa, osati kuiyendetsa ngati wanyamula mazira.

MayiWaMapepala: Pa sevisi pokha zinthu zinasintha kuno. Kuyambira pa 1 July 2021, malangizo a Competition Commission amalola mwini galimoto kuchititsa sevisi ku galaja yodziimira payokha popanda waranti yonse kufa. Koma samalani: ngati vuto labwera chifukwa cha ntchito ya galajayo kapena sipeya imene anaika, kampani ili ndi ufulu wokana gawo limenelo. Ndiye sungani invoisi iliyonse yolembedwa tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo ndi nambala za masipeya. Ndipo ngati muli ndi maintenance plan, kupita kwina n'kutaya ndalama, poti munalipira kale kwa dila.

Chinanso chimene ogulitsa sakonda kutchula: ngakhale popanda waranti ina iliyonse, mukagula kwa dila muli ndi chitetezo cha lamulo. Consumer Protection Act ya 2008, gawo 56, limapereka miyezi 6 yoti katundu akapezeka ndi vuto lenileni mumubweze, ndipo amene amasankha pakati pa kukonza, kusinthitsa kapena kubwezeredwa ndalama ndi wogula. Dila sangabisale kumbuyo kwa mawu aja akuti voetstoots (kugula katundu mmene alili, ndi mavuto ake omwe), pokhapokha vutolo anakuuzani mwachindunji inu n'kuvomera kuigula ili choncho. Mukakanika kumvana mumapita ku MIOSA, ofesi yomva madandaulo a zamagalimoto. Mukagula kwa munthu wamba zonsezi palibe, voetstoots imagwira ntchito, ndipo kuti mupambane muyenera kuonetsa kuti ankadziwa vutolo n'kubisa dala. Tsono njira si ziwiri zokha, zilipo zitatu: munthu wamba, dila wamba, ndi dila wa kampani. Miyezi 6 yoyambayo dila wamba ndi wa kampani amafanana pa lamulo. Kusiyana kumayamba mwezi wachisanu ndi chiwiri.

KuLeeds: N'chimodzimodzi kuno. Consumer Rights Act ya 2015 imapereka masiku 30 okana galimoto ya vuto n'kulandira ndalama zonse. Kupitirira apo dila amapatsidwa mpata umodzi wokonza, ndipo m'miyezi 6 yoyamba lamulo limatenga kuti vutolo linalipo kale pogula, dila ndiye aonetse kuti sizinali choncho. Musanapite kukaona galimoto, lowetsani nambala yake pa tsamba la boma muone mbiri ya MOT (mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera pamsewu), ndi yaulere, imaonetsa mamailosi a chaka chilichonse. Kenako lipirani HPI muone ngati ili ndi ngongole kapena inalembedwapo Cat S kapena Cat N. S ndiye kuti chimango chinakhudzidwa pa ngozi, N ndiye kuti chimango sichinakhudzidwe.

WakuRandburg: Zikomo kwambiri akuluakulu, maso akutseguka. A Sipanala, mwa zinayi zija, ndi iti imene waranti ili yofunika kwambiri, ndipo ndi iti imene munthu angalimbe mtima popanda?

Sipanala17: Ndiyamba ndi yosavuta. Toyota 86 ili ndi injini ya Subaru ya FA20, malita 2.0, yopanda turbo. Masipeya ake si a mtengo woopsa ndipo amakaniko ambiri amaidziwa. Zopangidwa mu 2012 ndi 2013 zinaitanidwa mu 2018 kukasinthidwa masipuling'i a mavavu. Ntchito ya kuitanidwa kotere ndi yaulere kaya muli ndi waranti kaya mulibe, ingofunsani dila ndi nambala ya chasisi ngati inachitika. Pa injini za banja limeneli, kuphatikizapo FA24 ya GR86, chodetsa nkhawa ndi silikoni womatira akachuluka: tizidutswa timathothoka n'kukatsekereza kasefa ka paipi yokokera oyilo pansi pa injini, oyilo n'kuchepa mphamvu, mabeyaling'i n'kudyeka. Kutsitsa sampu n'kuyang'ana ndi ntchito ya maola ochepa. Pa 86 ine ndingati kuyendera kwabwino kumakwanira.

Golf R ili pakati. Injini ya EA888 imakonda kudontha madzi pa pampu ndi pa chikuta cha themositati, chimene ndi cha pulasitiki. Suzumirani pansi pa manifodi yolowetsa mpweya ngati pali zoyera kapena zapinki zouma. Giya bokosi ya DSG ya magiya 6 imafuna oyilo ndi fyuluta pa makilomita 60,000 alionse. Haldex, imene imatumiza mphamvu ku matayala akumbuyo, imafuna oyilo zaka 3 zilizonse, ndipo pa pampu yake pali kasefa kamene ambiri satsuka. Kakatsekeka pampu imafa, galimoto n'kumakoka ndi matayala akutsogolo okha mwini wake osadziwa. Yesani ponyamuka mwamphamvu pa msewu wonyowa kapena wa dothi: akutsogolo akamazungulira pachabe, kumbuyo kulibe kanthu. Pa iyi waranti ndi yofunika makamaka chifukwa cha DSG ndi nkhani ya TD1 ija.

M2 zilipo za injini zosiyana. Yoyamba ili ndi N55, Competition ili ndi S55 ya M3 ndi M4. Pa S55 anthu amaopa habu ya kutsogolo kwa kirankishafuti, imene imagwira ndi kukanikizana chabe popanda kiyi. Ikatsetsereka nthawi ya mavavu imasokonekera, ndipo zikavuta mavavu amakumana ndi mapisitoni. Zimachitika kwambiri pa zimene anaziwonjezera mphamvu. Onaninso kudontha kwa oyilo pa chikuta cha fyuluta, chifukwa oyiloyo akagwera pa lamba wa kutsogolo, lambayo amatha kuvuka n'kukokeredwa m'kati mwa injini kudzera pa silo ya kirankishafuti. Gasiketi yotchipa, koma mapeto ake ndi kutsegula injini.

Cayman ndiye ili ndi msampha wake. Mavuto otchuka, beyaling'i ya IMS (shafuti yapakati yoyendetsa matcheni a mavavu) ndi kukalika kwa masilinda, ali kwambiri pa injini za M96 ndi M97, zimene zinatha cha mu 2008. Kuyambira 2009 injini inasintha ndipo IMS inachoka. Werengani: 2008 kuwonjezera zaka 15 ndi 2023. Ndiye zimene zimafunitsitsa waranti zinatuluka kale m'dongosolo la Porsche Approved, ndipo zimene zikuloledwa ndi zimene injini zake zili zolimbirapo. Mukapeza 987 yoyamba ya mtengo wokoma ili ndi "waranti", dziwani kuti ndi inshuwalansi ija anafotokoza mayi. Pa yoteroyo lowetsani kakamera m'masilinda musanalipire, mvetserani kugogoda kwa tiki tiki injini ikatentha, ndipo onani ngati kumapeto kwa paipi ya utsi kuli mwaye wochuluka.

WapaMwanza: Ndilowe pa funso lachiwiri lija, poti palibe amene waliyankha. Achimwene, ngati galimoto ikupita kumudzi, gawo lalikulu la ndalama yowonjezerayo mwaitaya. Service plan ndi maintenance plan zambiri zimagwira ntchito m'dziko limene zinagulidwa, mwina ndi maiko ochepa oyandikana nalo amene atchulidwa m'chikalata. Inshuwalansi ya zipangizo ija nayonso ili ndi malire a dziko. Ngakhale waranti imene imati ndi ya dziko lonse lapansi, monga ya Porsche, imatanthauza kuti ntchito ichitikire kwa dila wawo. Ku Malawi kulibe Porsche Centre. Ndiye injini ikafera ku Lilongwe, galimoto ikwere lole kudzera pa Mwanza kapena Dedza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge mpaka Johannesburg, ndi mapepala a pa chipata chilichonse, kupita ndi kubwerera. Kunyamulako funsani ngati waranti imalipira musanawerengere. Ndipo sevisi iliyonse imene yadumphidwa kapena yachitika popanda umboni ndi chifukwa chokwanira chokanira dandaulo.

Pa mapepala otulutsira: galimoto ya ngongole mwini wake pa NaTIS (kaundula wa boma wa magalimoto ku South Africa) ndi banki, situluka popanda kalata ya banki, ndipo kuti ikalembetsedwe ku Malawi ngongole ithe kaye. Amene anatenga ngongole yokhala ndi balloon akumbukire kuti chibulumwa chomalizacho chimadikira kumapeto. Pamafunikanso chiphaso cha apolisi cha SARPCCO chosonyeza kuti si yakuba. Ikafika, MRA imawerengera msonkho wolowetsera, excise ndi VAT, ndipo excise imakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Injini ya malita 3.0 ya zaka zambiri imalumidwa kuposa ya 2.0 yatsopanoko. Pitani mukafunse chiwerengero musanagule, osati galimoto itaima kale pa chipata.

Chikutumbwe_GT: Ndiye mwandivomereza a WapaMwanza.

WapaMwanza: Pa ya kumudzi, eya. Pa yokhala ku Joni zaka zonse za waranti, ayi.

Sipanala17: Pali zinanso za kumudzi zimene waranti singakhudze ngakhale ikanafika. Choyamba mafuta. Injini zimenezi zimafuna okuteni 95 kupita m'mwamba, Porsche amalimbikitsa 98. Ku Gauteng pa pampu pali 93 ndi 95, thirani 95 nthawi zonse. Okuteni ikachepa masensa amamva kugogoda, kompyuta imabweza nthawi ya moto, mphamvu imatsika ndipo kutentha kumakwera. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo ethanol amakoka chinyezi, choncho galimoto yongotuluka Loweruka lokha isamakhale miyezi ndi thanki ya theka. Choopsa kwambiri ndi mafuta a m'zigubu pa nthawi imene pa filing'i siteshoni pauma. Injini zopopera mafuta molunjika m'silinda zili ndi pampu ya mphamvu kwambiri ndi mainjekita a timabowo tating'onoting'ono. Madzi pang'ono kapena fumbi, zonse zimapita, ndipo mafuta oipa ali pa mndandanda wa zokanidwa pafupifupi m'chikalata chilichonse.

Chachiwiri msewu. Matayala opyapyala m'mbali aja a 35 pa marimu a mainchesi 19 alibe mnofu woti n'kumeza dzenje. Dzenje limodzi la nyengo ya mvula limatupitsa tayala m'mbali, kupinda rimu, nthawi zina n'kukhotetsa mkono wa sasipenshoni. Kumeneko ndi kugunda, si vuto la fakitale. Zambiri mwa galimotozi zilibe tayala lapadera, zili ndi kabotolo ka zomatira kamene sikathandiza tayala likang'ambika m'mbali. Cayman matayala akutsogolo ndi akumbuyo ndi osiyana kukula, simungawasinthanitse. Mahampu ndiye osanena, mlomo wa bampa umatha mwezi woyamba. Mwa zinayi zija, 86 ya marimu 17 ndi Golf R ndi zimene zingapirire.

MayiWaMapepala: Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti nkhani imveke. Tinene kuti ya kwa dila wa kampani ikuposa ya munthu wamba ndi R50,000. Musaitenge yonseyo ngati mtengo wa waranti. Chotsanipo zimene dila wakonza kuti galimoto iloledwe: ngati waika matayala anayi atsopano, mapadi, ndi sevisi yaikulu, zimenezo mukanalipira nokha m'miyezi yoyamba. Pemphani job card ya ntchito imeneyo. Chotsala ndiye mtengo weniweni wa waranti, ndipo mugawe ndi miyezi imene galimoto idzakhale m'dziko muno. Funsaninso ngati waranti ikuyamba tsiku logula kapena ikungopitiriza ya fakitale, komanso ngati imasamukira kwa wogula wotsatira. Yosamukira imakuthandizani pogulitsa.

Ndipo onani kodi ya galimoto pa pepala la NaTIS. Code 2 ndi sekondi handi wamba, Code 3 ndi yomangidwanso. Koma Code 2 sikutanthauza kuti sinachitepo ngozi yaikulu, zambiri zimakonzedwa osasintha kodi.

Sipanala17: N'chifukwa chake ngakhale ya Approved muiyendere ndi munthu wanu. Dila wabwino sakana. Dongosolo lake ndi ili. Muwauze asailize m'mawa umenewo, mukafika gwirani injini ndi dzanja mutsimikize kuti ndi yozizira, kenako ilizeni bonati ili yotsegula. Phokoso la tcheni m'masekondi oyamba ndi utsi wa buluu zimabisala injini ikatentha. Lumikizani makina pa OBD (polumikizira kompyuta ya galimoto), ndipo musangoona kuti palibe makodi, onani ma readiness monitor, mayeso amene kompyuta imadzichitira yokha galimoto ikamayenda. Akakhala kuti ambiri sanamalize, wina wafufuta makodi posachedwa. Yezani penti ndi kachida koyezera: ya fakitale imakhala cha pa mamaikironi 100 mpaka 180, mukapeza 300 kupita m'mwamba pa chitseko chimodzi anapentanso, ikayandikira 1,000 pali fila. Pa thupi la aluminiyamu pamafunika kachida kowerenga zitsulo zosagwira maginito. Pa matayala werengani manambala anayi omaliza a DOT: 2321 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2021. Galimoto ya 2021 ya makilomita ochepa imene ili kale pa matayala achitatu ikukuuzani mmene ankaiyendetsera.

Zizindikiro za bwalo la mpikisano: m'mphepete mwa matayala mosungunuka, timibulu ta labala tomatirira m'kati mwa madigadi, madisiki obiriwira ngati chitsulo chopsa kapena okhala ndi ming'alu yochokera pa timabowo, penti ya makalipa yosintha mtundu, kachivundikiro ka pokokera pa bampa kokalikakalika. Madisiki ali ndi nambala ya MIN TH yodindidwa, yezani muyerekeze. Ngati ndi a kaboni seramiki, aja a makalipa achikasu pa Porsche, saoneka kutha ndi maso, amayezedwa ndi chida chapadera kapena pa sikelo, ndipo mtengo wake ndi wodetsa m'maso. Waranti siwalipira. Pomaliza compression ndi leak-down, mayeso oona ngati masilinda akusunga mpweya: masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti.

Kumbukiraninso kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Injini yopanda turbo imataya mphamvu yooneka kuno, ndiye 86 ikaoneka yaulesi poyesa si kuti yadwala.

KuLeeds: Kamodzi kokha kowonjezera kwa amene akuganiza zogula kuno n'kutumiza: ku South Africa galimoto za sekondi handi zochokera kunja siziloledwa wamba, pamafunika chilolezo cha ITAC, bungwe la boma loona za katundu wolowa ndi wotuluka, ndipo chimaperekedwa pa zifukwa zochepa. Ku Malawi zimalowa kudzera pa Dar es Salaam, Beira kapena Durban, chiwongolero chili mbali yoyenera, koma waranti ya Approved Used imatsalira pa doko. Yang'ananinso dzimbiri pansi, misewu ya kuno amathira mchere nyengo yozizira.

WakuRandburg: Ndamva akuluakulu. Ndiye ngati ndi yopita kumudzi, 86 kapena Golf R, ndalama ipite pa kuyendera ndi masipeya osungira. Ngati ndi M2 kapena Cayman, ikhale ya waranti ya kampani ndipo igulitsidwe konkuno waranti isanathe. Pa Golf R, masipeya oyamba kunyamula ndi ati?

Sipanala17: Pampu ya madzi pamodzi ndi chikuta cha themositati ndi kalamba kake, makoyilo anayi, mapulagi seti ziwiri, mafyuluta a oyilo okwana sevisi zinayi, oyilo wa DSG malita 6 ndi fyuluta yake, oyilo wa Haldex lita imodzi, mapadi akutsogolo ndi akumbuyo, ndi tayala limodzi pa rimu yake. Oyilo wa injini akhale wa nambala ya VW imene yalembedwa m'buku la galimotoyo, ndipo chifukwa cha fumbi musadikire nthawi yaitali ija ya kompyuta, sinthani pa makilomita 10,000 kapena kucheperapo. Gulaninso kachingwe ka VCDS kapena OBDeleven, chifukwa mapadi akumbuyo sasinthika bwino popanda kutsegula handibuleki ya magetsi ndi kompyuta, ndipo amene angakanikize pisitoniyo ndi chitsulo athyola mota ya kalipa.